Mwana akumera mano? Momwe mungamuthandizire osamuonjezera mavuto ena

Nkhani ya mano imatipezelera pawiri. Koyamba, mwana akulira usiku wonse, dovu lili chuchuchu mpaka kamalaya konse konyowa, chilichonse chomwe wagwira chikupita mkamwa, bere akuliluma mpaka mayi kukuwa, nde munthu umangofuna chilichonse choti mwanayo akhale chete basi, apa ndi pomwe timapezeka tamupaka zinthu zosayenera mkamwa kapena tamumwetsa panado wopyola muyezo. Kachiwiri, ndipo uku nde kumaopsa kwambiri, mwana akudwaladi, thupi latentha, akutsegula m'mimba, ife tangokhala phee tikuti "ndi mano amenewo, asiya okha", pofika kuchipatala mwana wafooka kale kukapezeka kuti anali malungo.

Ana ambiri dzino loyamba limatuluka cha pa miyezi 6. Ena amafulumira pa miyezi 4, ena amafika chaka mkamwa mulibe olo limodzi, zonsezi palibe cholakwika. Kawirikawiri amayamba awiri akutsogolo a m'munsi, kenako a m'mwamba, ndipo pofika zaka 3 amakhala akwana onse 20. Choncho si nkhani ya sabata imodzi iyi, izibwerabwera, makamaka mano akuluakulu otafunira aja akamatuluka mwana atadutsa chaka. Bola kudziwiratu chochita.

## Zoti mukhale nazo pafupi

- Sopo ndi madzi osamba m'manja. Zikhadabo zanu muwenge.
- Madzi owiritsa omwe azizira, muwasunge mu chiwiya chovindikira.
- Tinsalu kapena timathaulo tating'ono toyera 3 kapena 4, topanda ulusi wolendewera, toti tikhale ta mwana yekha osati tomwe mumapukutira mbale.
- Supuni yaing'ono yachitsulo.
- Kachidole ka labala koluma, kaja m'mashopu amati teether. Ngati mulibe musadandaule, kansalu kamagwira ntchito yomweyo.
- Vaseline wopanda fungo.
- Thermometer. Ndikudziwa kuti nyumba zambiri mulibe, koma pa zonse zomwe zili pa mndandandawu ichi ndi chomwe ndikanakonda mutagula, ku pharmacy amagulitsa ndipo kamakhalitsa.
- Panado wamadzi wa ana, ndi kasirinji kapena kakapu koyezera komwe kamabwera naye.
- Paketi ya Thanzi ORS olo ziwiri, ndi buku la mwana la kusikelo pamalo poti mutha kulipeza olo magetsi atathima.

## 1. Yambani mwaona ngati ndi manodi

Sambani m'manja ndi sopo, mukhazikeni mwana pamiyendo poyera bwino kapena muunike ndi tochi ya foni, mutsitse mlomo wa m'munsi pang'onopang'ono muone nkhama. Pomwe dzino likubwera pamakhala potupa pang'ono, pofiira, pena pamaoneka kamzere koyera, ndipo mukadutsitsa chala mumamva kolimba pansi pake. Mwana wotere amatuluka dovu lambiri, amaluma zala zake, amanyinyirika, amadzikadzuka usiku, phala amalikankha koma bere amayamwa ndithu, ndipo mukamunyamula nkumuseweretsa amaiwalako nkuseka. Zimatenga masiku ochepa dzino lisanabowole ndi ochepa litabowola, ikakwana sabata zimakhala zapita.

Pena pamwamba pa dzino lomwe likubwera pamatupa kachithuza kooneka kakuda kapena kabuluu. Kamaopsa kukaona koma kamaphulika kokha dzino likamatuluka. Musakabowole ndi singano kapena pini.

Chenjezo: mukaona zoyera zomatirira pa lilime ndi m'masaya zosachoka mukapukuta, kapena tizilonda tambirimbiri mkamwa mwana mpaka kukana bere, amenewo si mano, ndi matenda a mkamwa ofunika mankhwala a kuchipatala.

## 2. Yezani kutentha musanamupatse chilichonse

Apa ndi pomwe ambiri timaphonya, nde ndikhalapo pang'ono. Ikani thermometer m'khwapa mouma, mutsitse kamkono kake mugwire mpaka ilire. Mano amatha kufunditsako thupi pang'ono chabe, koma sabweretsa kutentha kwenikweni. Kusikelo akayeza m'khwapa nkupeza 37.5 kapena kuposa amati mwana watentha thupi, ndipo kwathu kuno mwana wotentha thupi amayenera kuyezedwa malungo tsiku lomwelo, kaya mkamwa mukutuluka dzino kaya ayi. Kuyezako ndi kongobaya chala kapena chidendene, mphindi 15 mpaka 20 zotsatira zatuluka. Ikafika 38 nde musamaganizenso za mano nkomwe. Ngati mulibe thermometer gwirani pamimba kapena pamsana ndi kuseli kwa dzanja lanu, mukamva kuti watentha mosiyana ndi masiku onse, nyamukani.

Kutsegula m'mimba nakonso si mano. Ndikudziwa kuti agogo, apongozi, aneba, olo anthu ophunzira bwino amanena zomwezo, ndipo sikuti amanama dala, amaonadi ziwirizi zikubwera pamodzi. Chimachitika ndi ichi: pa miyezi 6 pomwe mano akuyamba ndi pomwenso mwana wayamba phala ndi madzi, wayamba kukhala pansi ndi kukwawa, akutola chilichonse nkuika mkamwa, silipasi, makiyi, foni, ndalama, zitosi za nkhuku pabwalo, komanso chitetezo chomwe anabadwa nacho kuchokera kwa mayi ake chayamba kuchepa. Nde majeremusi amalowa mosavuta. Dzino langopezekapo, koma chomwe chikumutsegula m'mimba ndi china, ndipo chimatha madzi m'thupi mwa mwana mwachangu kwambiri.

Akatsegula m'mimba katatu kapena kuposa pa tsiku, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa ozizira kapena othira WaterGuard, muzimupatsa pang'onopang'ono ndi supuni, bere osasiya, ndipo pitani kwa alangizi a zaumoyo kapena kuchipatala akakupatseni zinc womwa masiku 10 mpaka 14. Thanzi wotsala akatha maola 24 mutaye mupange wina.

## 3. Tikitani nkhama ndi chala

Ngati thupi lili bwinobwino ndipo mwaona kuti ndi mano basi, njira yoyamba ndi yaulere. Sambaninso m'manja, ikani chala pamalo potupapo muzitikita mozungulira mokanikiza pang'ono, mphindi imodzi kapena ziwiri. Poyamba amatha kukana nkutembenuza mutu, musamukakamize, dikirani pang'ono muyesenso, ambiri akazindikira kuti zikuwathandiza amayamba okha kuluma chalacho mwamphamvu ndithu. Kukanikizako ndi komwe kumachepetsa kunyerenyesa. Mutha kuchita kangapo pa tsiku, makamaka asanayamwe ndi asanagone.

Chala chikhale chokhachokha. Osapakapo mchere, soda, phulusa, adyo, mafuta otikitira a akuluakulu kapena china chilichonse. Ndipo ngati mwangomaliza kudula tsabola, kupaka mafuta onunkhira kapena kugwira mankhwala a mbewu, sambani kawiri. Abambo nanunso izi mungathe, sizifuna bere.

## 4. Mupatseni chozizira, osati chowuma ndi ayisi

Kuzizira kumachepetsa kutupa. Nyowetsani kansalu koyera ndi madzi owiritsa aja, kafinyeni bwino, kapindeni kapena mumange mfundo kumapeto, kaikeni mu mbale yovindikira mufiriji kwa mphindi 20 kapena 30, kenako mupatseni azitafuna inu muli pompo. Mwana yemwe sanakwane miyezi 6 samayenera kumwa madzi, nde kansaluko mukafinye kwambiri, kapena mukanyowetse ndi mkaka wa m'mawere womwe mwafinyira mu kapu yoyera.

Mulibe firiji kapena magetsi athima? Thirani madzi owiritsa mu kapu yovindikira muiike mu beseni la madzi a mumtsuko, kapena pamalo pozizira m'nyumba, muviikemo supuni yachitsulo kwa mphindi zingapo. Kenako gwirani supuniyo inuyo muzikhudzitsa kumsana kwake pa nkhama. Ikafunda muviikenso. Supuni musamusiyire yekha, amadzitokosa nayo kukhosi, ndipo mano akatuluka kale chitsulo chimatha kuwabenthula, nde njira ya supuniyi ndi ya nkhama zomwe zilibe mano.

Chenjezo: mu freezer ayi. Chinthu chouma gwaa ndi ayisi chimapweteka nkhama m'malo mothandiza, chimathanso kumatirira pa mlomo. Zidutswa za ayisi zimatsamwa. Ndipo ayisi wotsekemera wa m'timapepala uja amagulitsa mumsewu musamupatse, simukudziwa madzi omwe anapangira, kuphatikiza apo ndi shuga yekhayekha.

## 5. Sankhani bwino choti azilumaluma

Mwana aluma basi, mufune musafune, nde ntchito yanu ndi kusankha chomwe alume. Teether wabwino ndi wa labala yolimba, wopangidwa chinthu chimodzi chopanda tizidutswa tomata, wamkulu woti sangalowe yense mkamwa. Aja okhala ndi madzi mkati amabowoka mano akatuluka, ine sindiwakonda. Mukagula wa pa kaunjika muonetsetse kuti alibe ming'alu, sakunata, penti sakusupuka, mumukoke mwamphamvu muone ngati china chikuchoka, kenako mumutsuke ndi sopo ndi madzi otentha. Akagwa pansi atsukidwe, osangopukuta pa chitenje kapena kumunyambita inuyo nkumubwezera. Ndipo osamumangirira pa chingwe m'khosi mwa mwana kuti asatayike.

Pa zakudya nde pali ngozi yeniyeni. Timakonda kupatsa mwana nzimbe, chisononkho cha chimanga, fupa la nkhuku, karoti waiwisi, chinangwa, kuti azikukuta. Nkhama za mwana ndi zamphamvu kuposa momwe timaganizira, amabenthula kachidutswa, alibe mano otafunira, kachidutswako nkupita kukhosi. Mtedza, mbuliwuli, maswiti ndi chimanga chokazinga nde asayandikire nkomwe. Achimwene ndi achemwali ake aang'onoang'ono muwauze, chifukwa nthawi zambiri ndi iwowo amamugawira mwachikondi inu muli kukhitchini.

Zikachitika kuti mwana wosakwana chaka watsamwa, sakulira, sakukhosomola, sakupuma, mugonekeni chafufumimba pa mkono wanu mutu uli m'munsi mutagwira chibwano, mumenyeni ndi chikhatho pakati pa mapewa kasanu. Chikapanda kutuluka mutembenuzeni chagada, mukanikize pakati pa chifuwa ndi zala ziwiri kasanu, muzisinthasintha choncho wina akuthamangira thandizo. Osapisa chala kukhosi ngati chinthucho simukuchiona, mumachikankhira mkati. Ngati akukhosomola mwamphamvu musiyeni akhosomole.

## 6. Dovu

Iyi ndi yachidule. Dovu likakhalitsa pakhungu limabweretsa totupa tofiira pachibwano, m'masaya ndi m'mapindi a khosi. Muzimupukuta modinda ndi kansalu kofewa osati mokhula, kamalaya kakanyowa musinthe, ndipo mupake Vaseline pang'ono pachibwano ndi pakhosi asanagone komanso mukamamubereka ulendo wautali. M'khosi muja muziyang'anamo posamba, mumabisala zilonda. Paudala wa ana musathire pafupi ndi nkhope, amamupuma.

## 7. Kuyamwa, kudya, ndi nkhani yoluma bere

Masiku amenewa mwana amatha kukana phala nkumangofuna bere pafupipafupi. Mupatseni. Bere limamutonthoza ndiponso ndi lomwe likumupatsa madzi. Ngati wadutsa miyezi 6 yesani zofewa zozizira bwino, nthochi yokanya, papaya, peyala, mbatata yophika yokanya, phala loti lapola, pang'onopang'ono kangapo pa tsiku m'malo mwa mbale imodzi yodzaza. Kumukakamiza momutsina mphuno kuti atsegule kukamwa ndi njira yachidule yomutsamwitsira. Akadya pang'ono masiku awiri atatu koma akuyamwa ndipo akunyowetsa matewera monga mwa nthawi zonse, palibe vuto.

Kuluma bere kumawawa, tisanamizane. Koma mwana akamayamwadi sangalume chifukwa lilime limakhala pamwamba pa mano a m'munsi, amaluma akakhuta, akayamba kusewera kapena kusinza. Nde muzimuyang'ana, mukaona kuti wasiya kumeza lowetsani kachala pakona pa kamwa lake bere lituluke. Akaluma osakoka bere mwamphamvu, mudzing'amba nokha, mukokereni mwanayo pafupi ndi chifuwa atsegula yekha, kapena lowetsani chala, mumuuze "ayi" ndi mawu okhazikika, mumuike pansi kamphindi. Osamumenya, osamutsina, ena amafika pokana bere chifukwa choopa. Kutikita nkhama kapena kumupatsa kansalu kozizira asanayamwe kumachepetsa kulumako.

Kumera mano si chifukwa chomuletsera kuyamwa, malangizo a zaumoyo ndi oti ayamwe mpaka zaka 2 kapena kupitirira. Amayi omwe muli pa ma ARV, nsonga ya bere ikang'ambika kapena kutuluka magazi, yamwitsani bere linalo, lovulalalo muzilifinya mkaka nkutaya kuti lisatupe, mankhwala anu osadumphitsa, ndipo pitani kuchipatala msanga akalione.

## 8. Panado, ngati zinazi zakanika

Sikuti dzino lililonse limafuna mankhwala. Koma ngati mwatikita, mwamupatsa chozizira, mwabereka, mwana akuonekabe kuti akumva kuwawa ndipo sakugona, panado wamadzi wa ana amathandiza. Werengani botolo kaye. Wa makanda amalembedwa 120mg/5ml. Pa mphamvu imeneyi, mwana wa miyezi 3 mpaka 5 amamwa 2.5ml, wa miyezi 6 mpaka 23 amamwa 5ml. Pakati pa kumwa kumodzi ndi kwina padutse maola osachepera 4, ndipo asapyole kanayi pa maola 24. Alipo mabotolo ena olembedwa 250mg/5ml, amenewo ndi a ana akuluakulu, mukapereka 5ml ya ameneyo mwapyola kawiri.

Muyezo weniweni umatengera sikelo ya mwana, pafupifupi 15mg pa kilo iliyonse, mwachitsanzo mwana wa makilo 8 ndi 120mg, yomwe ndi 5ml ija. Nde ngati mwana wanu ndi wochepa thupi poyerekeza ndi miyezi yake, kapena anabadwa masiku asanakwane, tengani buku la kusikelo anesi kapena a ku pharmacy akuwerengereni. Mwana wosakwana miyezi 3 musamupatse panokha.

Yezerani ndi kasirinji kapena kakapu kake, osati supuni ya tiyi, masupuni a m'nyumba amasiyana kukula. Thirani pang'onopang'ono cha m'tsaya mwana atakhala tsonga, osapopera kukhosi. Lembani nthawi pa pepala kapena mu foni, chifukwa usiku anthu timasokonezeka, mayi apereka 11 koloko, bambo adzuka 1 koloko aperekanso, m'mawa agogo nawo aperekanso, ndipo panado wochuluka amaononga chiwindi mwakachetechete, mwana amaoneka bwinobwino tsiku loyamba. Onaninso mankhwala a chimfine omwe muli nawo, ambiri mumakhala kale paracetamol, yemwe ndi panado yemweyo. Mukaona kuti mwina mwapyola muyezo pitani kuchipatala ndi botolo lomwelo, osadikira zizindikiro.

Masiku 2 akadutsa mukumupatsabe panado, siyani kuganiza kuti ndi mano, akamuone achipatala. Brufen wa ana naye amathandiza koma funsani kaye, ndipo asamwe ngati akutsegula m'mimba, akusanza, sakuyamwa bwino kapena ali ndi katsabola. Aspirin nde ayi ndithu kwa mwana, ndi mapilitsi onse a mutu a akuluakulu ogula pa okala, olo mutabenthula kachidutswa kakang'ono bwanji.

## 9. Usiku

Usiku ndi pomwe kulira kumakula chifukwa palibe chomuiwalitsa. Musambitseni madzi ofunda, mutikite nkhama, ayamwe, mupake Vaseline. Akadzuka munyamuleni, mumubereke muziyenda naye m'nyumba momwemo, nyimbo ya pansipansi, magetsi osayatsa onse. Pogona agone chagada, mu neti, opanda pilo, teether ndi kansalu muchotse. Sinthanani, mmodzi agoneko. Ndipo mukafika potopa mpaka mtima kuyamba kupsa, zimachitika kwa aliyense, muikeni pamalo abwino mutuluke panja kamphindi kapena mudzutse wina. Kumugwedeza mwamphamvu khanda kumavulaza ubongo.

## 10. Dzino likangotuluka yambani kutsuka

Ambiri timati ndi mano ongoyembekezera, aguluka. Inde aguluka, koma ena mwa iwo akhala mkamwa mpaka mwana ali ndi zaka 11 kapena 12, ndipo akaola amawawa ngati a munthu wamkulu. Gulani kamswachi kofewa ka ana, muikepo mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride kakang'ono ngati kambewu ka mpunga, mutsuke m'mawa ndi usiku asanagone. Ngati mswachi palibe yambani ndi kansalu konyowa kokulunga pa chala. Mswachi ukhale wake yekha. Osamugoneka ndi botolo la tiyi wa shuga, Sobo kapena juwisi mkamwa, mano akutsogolo aja amayamba mizere yoyera kenako yabulauni mwana asanakwane nkomwe zaka 2. Akafika miyezi 18 opanda dzino olo limodzi, kamuonetseni kwa a mano ku chipatala cha boma.

## Izi mukaziona, musadikire kuti kuche

- Thupi latentha, makamaka ngati mwana sanakwane miyezi 3.
- Akukana kuyamwa kapena kumwa chilichonse.
- Akusanza chilichonse chomwe wamwa.
- Wakomoka, kapena akuchita linjirinjiri.
- Wafooka, akungogona, sakudzuka bwino mukamudzutsa.
- Liwombo lalowa mkati, maso alowa, akulira opanda misozi, thewera likukhala louma nthawi yaitali. Uku ndi kutha kwa madzi m'thupi, kupaka mankhwala paliwombo sikubwezera madziwo, muzimumwetsa Thanzi muli m'njira.
- Chimbudzi chili ndi magazi.
- Akupuma mothamanga kapena m'munsi mwa chifuwa mukulowa mkati akamapuma. Kwa mwana wa miyezi 2 mpaka 11, kupuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi imodzi ndi chizindikiro cha chibayo.
- M'khutu mukutuluka mafinya, kapena akukoka khutu uku thupi latentha.
- Totupa tafalikira thupi lonse, osati pachibwano pokha.

Ngati chipatala chili kutali yambirani kwa alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwanu, ambiri amayeza malungo ndipo amakhala ndi ORS ndi zinc. Mukhozanso kuimbira Chipatala Cha Pa Foni kuti akulangizeni, koma pa zizindikiro zoopsazi muziimba muli kale pa njinga.

## Zomwe timalakwitsa kawirikawiri

Mankhwala opaka pa nkhama. Amaoneka ngati yankho lachangu koma dovu limawakokolola mu mphindi zochepa, mwana nkuwameza, inu nkupakanso. Mu 2018 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linachenjeza kuti opaka okhala ndi benzocaine asagwiritsidwe ntchito pa ana osakwana zaka 2, chifukwa amatha kupangitsa magazi kulephera kunyamula mpweya mwana mpaka kusintha mtundu milomo. Bonjela wa akuluakulu naye ali ndi mankhwala a gulu limodzi ndi aspirin, si wa ana. Choncho kachubu komwe atumiza achibale kuchokera ku Joni kapena ku UK musangofikira kupaka, kawonetseni kaye kwa a pharmacy.

Masirapu ndi maufa "a mano" ogula pamsika. Botolo lopanda dzina la opanga, lopanda tsiku lothera mphamvu, lomwe lakhala padzuwa pa benchi, musamwetse mwana. Ku Nigeria mu 2008 sirapu ya mano yotchedwa My Pikin inapezeka ndi poizoni wotchedwa diethylene glycol, ana osachepera 84 anamwalira impso zitasiya kugwira ntchito, makolo awo ankangofuna kuti ana agone. Gulani ku pharmacy yovomerezeka ndi PMRA, bungwe loona za mankhwala kuno ku Malawi. Gripe water naye alibe chochita ndi mano.

Uchi, shuga ndi mowa. Uchi ndi woletsedwa kwa mwana wosakwana chaka, umatha kukhala ndi majeremusi omwe amafooketsa thupi la khanda mpaka kulephera kupuma. Shuga pa nkhama akudyetsa zoolesa dzino lomwe silinatuluke nkomwe bwinobwino. Kadontho ka kachasu kapena brandy komwe ena amati kamagonetsa mwana, kwa khanda ndi poizoni, palibe muyezo wabwino.

Kumwetsa zotsala. LA wotsala wa mkulu wake, Bactrim, amoxicillin, Flagyl, zonsezi sizichiza mano, ndipo mukamupatsa asanayezedwe mumangosokoneza achipatala. Makapisozi a tetracycline nde amadetsa mano a mwana mpaka kalekale, kuphatikizapo achikulire omwe adakali mkati mwa nkhama. Piriton womugonetsera nayenso ayi.

Mikanda ndi zingwe za m'khosi. Kaya ndi mikanda ya amber yogula pa intaneti, kaya ndi kachithumwa komwe amanga agogo, chilichonse chozungulira khosi la khanda chimatha kukola pa chinthu kapena kuduka mwana nkumeza mkanda. FDA yomweyo inachenjezanso za izi mu 2018 mwana wa miyezi 18 atafa chifukwa chokoledwa ndi mkanda wotere ali mtulo. Nkhani ya agogo ndi yovuta kuikamba, ndikudziwa, makamaka ngati ndi apongozi, nde muwatume ana awo akambe nawo, kapena mupite nawo limodzi kusikelo akamve kwa anesi okha.

Kucheka kapena kukhula nkhama kuti dzino lituluke msanga. Dzino limabowola lokha. Lezala, singano, chikhadabo kapena mankhwala okhula mpaka magazi zimabweretsa mafinya, kafumbata, ndi matenda odutsa m'magazi ngati chidacho chagwiritsidwa ntchito pa ana angapo. M'madera ena a ku Tanzania, Uganda ndi Kenya kuli mchitidwe wokolowola timano tosongoka tomwe tisanatuluke poganiza kuti ndi tomwe tikudwalitsa mwana, ana ambiri avulala nazo ndipo mano achikulire amadzamera opindika kapena osamera nkomwe. Wina akakuuzani zoterezi kanani.

Kuda nkhawa ndi dongosolo la mano. Mwana akayamba mano a m'mwamba ena amati ndi malodza. Palibe malodza apa, ana amasiyana basi, ndipo palibe chofunika kumusambitsa kapena kumumwetsa. Chimodzimodzi mano otalikirana, mipatayo ndi yabwino, ndi malo a mano achikulire.

Kujomba kusikelo. Kumera mano si chifukwa chodumphira katemera. Wa chikuku wa pa miyezi 9 amagwera nthawi yomweyi mano ali mkati motuluka, pitani naye ndithu, ndipo mukafika auzeni anesi ngati mwamupatsa panado m'mawa umenewo komanso nthawi yomwe wamwa, kuti akamayeza kutentha adziwe kuti mankhwala ali m'thupi.